Funsani Azakhali: Akuti mwana wanga asapite nawo ku tilipi ya kunyanja poti amagwa

Mwezi uno ndasankha makalata atatu okha, onse akukamba za matilipi a kusukulu ogonera konko aja poti nyengo yake ndi ino. Maina a ana ndi a masukulu ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

KALATA YOYAMBA

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagulitsa kaunjika. Mwana wanga wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 12 ali sitandade 6, ali ndi khunyu. Zinayamba ali ndi zaka zinayi atadwala malungo aja ofika ku ubongo, anakhala masiku atatu osadziwa kanthu kuchipatala, anachira bwinobwino koma patapita miyezi ingapo ndi pamene anayamba kugwa. Panopa amamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo chaka chino wangogwa kawiri basi, komaliza munali mu Juni ndipo tsiku limenelo wolakwa ndinali ine, mankhwala anatha ndili kumaliro kumudzi. Ndiye kalabu yawo ya zachilengedwe ikupita ku Cape Maclear mu Okutobala muno, akagona masiku awiri, mwanayu wakhala akuponya ndalama mu kachitini kuyambira teremu yatha ine nkuonjezerapo tinalipira kale theka. Lachiwiri lapitali aphunzitsi oyang'anira kalabuyo anandiitana nkundiuza kuti mayi musatitengere kumtoso koma mwana wanuyu asapite, kunyanja nkoopsa, atakagwera m'madzi ife tidzayankha chiyani, ndalama yanu tikubwezerani. Anatinso makolo ena adandaula pa gulupu ya WhatsApp kuti safuna ana awo agone chipinda chimodzi ndi iyeyu akhoza kuwapatsira. Akuti ngati ndikufunitsitsa ndipite nawo ndekha koma ndilipire ngati munthu wachiwiri. Ndalama imeneyo ndilibe, komanso geni ndisiyira ndani masiku atatu. Mwanayu sindinamuuzebe, dzulo amandifunsa ngati ndingamubwereke chikwama changa chakuda chija choti aikemo zovala, ndinangolowa kuchipinda kukalira. Zoona zake inenso ndili ndi mantha, mwina aphunzitsiwo akunena zoona? Bambo ake akuti zisiyeni azidzapita akadzakula. Ndipange bwanji?

Mayi wodandaula, Ndirande

YANKHO

Mayi pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo pa chikwama chakuda paja ndinayamba ndaima kaye. Maganizo anga ndi akuti mwanayo apite, ndipo nthawi yatsalayi tiigwiritse ntchito kukonza zoti akapite bwino nkubwerako bwino.

Ndiyambe ndi za pa WhatsApp zo poti ndi zimene zandipweteka kwambiri. Matenda a khunyu sapatsirana. Malovu, thovu la kukamwa lija, mpweya woipa, kugona mphasa imodzi, kudyera mbale imodzi, palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingamupatsire munthu. Vuto lili mu ubongo, mauthenga a mmenemo amasokonekera kwa kanthawi kochepa kenako nkubwerera m'malo mwake, ndipo kwa mwana wanu gwero lake mwalitchula nokha, malungo aja. Madokotala a pa Queens ku Blantyre komweko anatsatirapo ana opulumuka malungo a mu ubongo nkupeza kuti ena mwa iwo amadzayamba kugwa patapita miyezi, ndiye si zachilendo, si ufiti, si tsoka la kubanja. Zaka zisanu ndi zitatu abale ake akugona naye, akumwera naye kapu imodzi, wagwapo ndani? Funso limenelo mukawafunse makolo anzanuwo mwaulemu.

Koma aphunzitsi aja musawaone ngati mdani. Pa nkhani ya madzi sakunama ayi, madzi ndi moto ndiye zinthu ziwiri zimene zimavulaza komanso kupha anthu odwala khunyu kuno kwathu, munthu akagwa ali m'madzi samenya madzi kapena kukuwa, amangomira chete ngakhale pamalo posaya. Ine ndinaphunzitsapo pulayimale zaka zambiri ndipo mantha onyamula ana a eni mu basi ndimawadziwa, usiku sugona, umangowerenga mitu. Pamene aphunzitsiwo alakwitsa mpoti mantha awo awathetsa pomuchotsa mwana pa mndandanda osafunsa nkomwe kuti kodi amagwa kangati, chimamuyambitsa nchiyani, akagwa mumatani. Mayankho a mafunso amenewa muli nawo ndinu, ndiye muwatengere kusukuluko atalembedwa.

Poyamba pitani kuchipatala kumene amalandira mankhwala, sabata ino osati sabata ya ulendo. Muwauze adokotala kuti pali tilipi ya masiku awiri kunyanja, muwapemphe alembe m'kabuku ka kuchipatala kapena pa kapepala dzina la mankhwala, amamwa angati, nthawi yanji, komanso maganizo awo pa za ulendowo. Kapepala kokhala ndi chidindo kamatsegula zitseko zimene pakamwa pa kholo sipangatsegule, ndi mmene zilili basi. Kaya amamwa phenobarbitone kaya carbamazepine kaya sodium valproate, lamulo lake ndi limodzi, osadumphitsa ndipo osasiya mwadzidzidzi, inu mwaziona kale mu Juni muja. Mumupakire a masiku asanu ngakhale ulendo ndi wa masiku atatu, basi ikhoza kufa panjira, mafuta akhoza kusowa. Mugawe pawiri, ena asunge aphunzitsi aakazi amene akupita nawo, ena akhale mu chikwama chake mu kapulasitiki koti madzi asalowe. Aphunzitsiwo atchere alamu pa foni ndipo aone ndi maso awo kuti wameza, chifukwa mwana akasangalala amaiwala ngakhale kudya.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi tulo. Pa tilipi ana sagona, ananyamuka 4 koloko m'bandakucha, usiku akucheza mpaka 1 koloko, mawa lake adzuka ndi nkhuku kuthamangira ku mchenga. Kusagona ndi kudumphitsa mankhwala ndiye zimene zimayambitsa kugwa kawirikawiri, ndiye usiku woti mawa ndi ulendo agone msanga, ndipo konko aphunzitsi azimitse nyali nthawi yabwino, kwa ana onse osati iye yekha kuti asaoneke ngati wapatsidwa chilango. Ngati pali mabedi osanjikiza agone wapansi kapena matiresi aikidwe pansi, pafupi ndi pamene agone aphunzitsi aakazi. Neti osaiwala, Mangochi ndi kwa udzudzu ndipo kutentha thupi kumayambitsanso kugwa. Okutobala kumeneko dzuwa lake si lamasewera, akhale ndi botolo lake la madzi ndipo asadumphe chakudya. Akamagawana ntchito iye asapatsidwe yosonkha moto kapena kuphula mphika, asende anyezi, atsuke mbale, ntchito zilipo zambiri. Madzulo akakhala mozungulira moto iye akhale mzere wakumbuyo. Kubafa asakhome chitseko, mnzake aime panja azicheza naye.

Tsopano madzi. Ine sindinganene kuti asakhudze nyanja, mwana wafika ku Cape Maclear nkungoyang'ana anzake ali pa mchenga, imeneyo ndi nkhanza ina. Alowe pamalo posaya, madzi osapitirira m'chiuno, pakhale munthu wamkulu mmodzi wodziwa kusambira amene ntchito yake nthawi imeneyo ndi mwana wanu yekha, ali m'madzi momwemo pafupi poti akhoza kumugwira atangotambasula mkono, osati atakhala pa mchenga akuyang'ana foni. Akakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona nsomba avale life jacket yomanga bwino ndipo akhale pakati osati m'mphepete. Ndipo apa ndinene, ana a ku Ndirande ndi angati amadziwa kusambira? Majekete amenewo akufunika kwa mwana aliyense m'botimo, ngati mwini boti alibe asakwere aliyense. Muwakumbutsenso aphunzitsi za likodzo, m'madzi a kumeneko limapezeka, akabwerako afunse kuchipatala za mankhwala ake a praziquantel kwa onse amene analowa m'madzi, ndipo wanuyo muwauze a chipatala mankhwala amene amamwa kale.

Pa pepala lomwe lija mulembe ndi zilembo zikuluzikulu zochita akagwa, poti apa ndi pamene anthu amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Osamuika supuni, chala kapena kamtengo mkamwa, lilime salimeza ayi, mumangomuthyola mano. Osamupanikiza manja ndi miyendo, osamuthira madzi, osamumwetsa kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Achotse zinthu zoti zingamuvulaze, apinde chitenje aike kunsi kwa mutu, ayang'ane nthawi pa foni, kugwedezeka kukasiya amugoneke chammbali kuti malovu azituluka. Zikapitirira mphindi 5, kapena wagwanso asanatsitsimuke, kapena wavulala, athamange naye kuchipatala. Akagwa ali m'madzi amugwire mutu ukhale pamwamba, amutulutse, ndipo apite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino poti madzi amatha kulowa m'mapapo. M'mudzi wa Chembe muli kachipatala, ndipo ku Monkey Bay kuli chipatala chokulirapo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, chofunika nchoti adilayiva agone pomwepo ndi galimoto ili ndi mafuta, foni yawo ili yoyaka.

Pali kanthu kena kamene mwina simunakalembe chifukwa cha manyazi koma ndikanene ndine. Ana ambiri akagwa amadzikodzera. Kwa mtsikana wa zaka 12 chimenechi chimapweteka kuposa kugwa kwenikweniko, amatsitsimuka nkupeza anzake amuzungulira, siketi yanyowa, wina akuseka. Mumuikire chitenje chapadera, kabudula wamkati wapadera ndi jumbo, ndipo muwauze aphunzitsi aakazi aja pambali kuti zikachitika choyamba amufunditse chitenje ndi kubalalitsa gulu, atsale ndi mnzake mmodzi. Akadzuka amakhala wotopa ndi wosokonezeka, asamupanikize ndi mafunso, agone kaye.

Ndipo mayi, muuzeni mwanayo. Lero. Asamve kwa anzake kuti dzina lake lachotsedwa, ana a m'kalasi amadziwa zonse zimene makolo awo alemba pa gulupu. Mukhale naye pansi mumuuze kuti aphunzitsi ali ndi mantha ndipo inu ndi iye mukonza limodzi zowachotsa mantha. Mumufunse kuti kodi akamati agwe amamva chiyani, ena amamva fungo lachilendo, ena m'mimba mumachita ngati mukukwera chinthu, ena mantha ongobwera okha, ena samva kalikonse. Ngati amamva, aphunzire kunena msanga nkukhala pansi. Mumufunsenso kuti ndi mnzake uti amene amamukhulupirira woti adziwe zonse, asankhe yekha. Ndipo musanakalankhule pa gulupu ya makolo kapena pa msonkhano mumupemphe kaye, matendawo ndi ake, nkhaniyo ndi yake. Akalola, apempheni ahedi akupatseni mphindi khumi, kapena muitane namwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzafotokoze, anthu amamva msanga akalankhula wovala yunifolomu. Sabata imodzi ulendo usanafike akagone kwa azakhali ake kapena kwa agogo usiku umodzi inu kulibe, amwe mankhwala yekha pa nthawi yake, muone mmene zikhalire. Zimenezi zidzakuthandizani inuyo kwambiri kuposa iye.

Za malamulo ndikuuzeni kuti muzidziwe, ngakhale sindikufuna mukayambire pamenepo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo ndipo ulumali ulipo pa mndandandawo, gawo 25 limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo gawo 30 la panganolo limanena mosabisa kuti ana aulumali azitenga nawo mbali mofanana ndi anzawo pa masewera ndi zosangalatsa kuphatikizapo zochitika kusukulu. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa m'malo mwa lija la 2012, ndi limene linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Ndiye tilipi ya kalabu si mphatso yoti sukulu ipatse amene yamukonda. Yambani ndi aphunzitsi aja muli ndi pepala lanu m'manja, akakana pitani kwa ahedi, kenako komiti ya sukulu kapena PTA, kenako a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a m'dera lanu, ku ofesi yawo ya TDC, kenako ku ofesi ya a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lanu, kumene kumakhala woyang'anira maphunziro a ana aulumali. Mabungwe ngati PODCAM, la makolo a ana aulumali, ndi FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, amathandiza pa nkhani ngati zimenezi. Koma ndaona nthawi zambiri zimathera pa tebulo la ahedi kholo likafika modekha lili ndi kalata ya adokotala.

Zoti mupite nawo inuyo zikhale zomalizira. Mtsikana wa msinkhu umenewo akufuna akaseke ndi anzake usiku amayi ake kulibe, ndiye phindu la tilipi limenelo. Ngati sukulu ikuumirira kuti pakhale munthu wina, mwina alipo msuweni wake wamkulu kapena mayi wa mother group wodziwa kusambira, ndipo munthu ameneyo akupita kukagwira ntchito, si bwino kumulipiritsa ngati mlendo wokaona nyanja, kambiranani mwina angosonkha ya chakudya.

Pali nthawi imene ine ndinganene kuti ulendo uno ayi. Akagwa masiku oyandikira ulendo, adokotala akangomusinthira kumene mankhwala, akatentha thupi, kapena mankhwala akasowa. Zimenezo mumuuziretu kuti adziwe kuti chomuletsa chidzakhala thupi lake tsiku limenelo osati dzina la matenda ake.

Abambo ake muwauze kuti kukula kumene akudikirako kumabwera ndi maulendo ngati omwewa. Mawa lino adzasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, adzafunika kudziwa kusunga mankhwala ake ndi kuuza anthu zochita, ndi bwino ayambe ndi masiku awiri. Komanso kumeneko akaona zinthu zimene anzake adzakhala akuzikamba teremu yonse, nsomba za mbuna zamitundumitundu zimene zinachititsa kuti paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi, manda a amishonale a Livingstonia amene anafika pamenepo mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Mubwerekeni chikwamacho.

KALATA YACHIWIRI

Azakhali, ine vuto langa ndi losiyana. Mnyamata wanga ali ndi zaka 15 ali fomu 1 pa sukulu yoyendera kuno ku Zomba, anachedwa kulira pobadwa ndiye miyendo siigwira, amayendera njinga ya olumala koma mutu ndi wakuthwa kwambiri. Sukulu yawo ikupita ku Liwonde kukaona nyama, akagona usiku umodzi m'kalasi pa sukulu ina kumeneko. Ahedi ndi munthu wabwino anati apite ndithu anyamata anzake azimunyamula. Ndalama ndalipira. Koma mwini wake akukana, akuti sakufuna, ukamufunsa chifukwa amangoti basi. Chonsecho ndi mwana amene amakonda nyama, mabuku ake onse kumbuyo anajambulamo njovu. Amayi ake akuti tisamukakamize, ine ndikuti akazolowera kuthawa adzathawa moyo wake wonse. Ndimukakamize?

Bambo wa ku Chinamwali

YANKHO

Bambo, musamukakamize, komanso musavomere msanga "basi" ameneyo. Mnyamata wojambula njovu m'mabuku sakukana njovu. Ine ndikuganiza kuti akukana chimbudzi, ndipo mwina akukananso mawu aja oti anzake azimunyamula.

Taganizani muli iyeyo. Kunyumba pali dongosolo lake limene munalizolowera mpaka simuliganiziranso, amadziwa amene amamuthandiza, amadziwa pogwira. Kusukulu mwina amadziletsa kumwa madzi tsiku lonse kuti asafune kupita kuseri, ana ambiri oyendera njinga amachita zimenezi ndipo makolo sadziwa. Tsopano mukumuuza akakhale usiku wonse pa sukulu yachilendo pamene chimbudzi chake ndi chokumba, khomo lopapatiza njinga singalowe, pansi ponyowa, ndiye akwawe ndi manja pamenepo kapena apemphe mnzake wa m'kalasi amugwirizire. Ali ndi zaka 15. Pa khomo la kosita atsikana onse akuyang'ana iye atanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Zimenezi kwa bambo ake sanganene, ndiye amangoti basi.

Mumutenge kokayenda awiriwiri, osati pamaso pa amayi ake ndi alongo ake, ndipo mutchule ndinu mawuwo, kuti kodi ndi za kuchimbudzi? Akangogwedeza mutu mwapeza poyambira. Kuchokera ku Zomba kufika ku Liwonde si patali, ngati mungathe kwerani minibasi mukaone nokha sukulu imene akagoneyo, kapena apempheni ahedi aimbire anzawo a kumeneko awatumizire zithunzi za khomo la kalasi, masitepe ndi zimbudzi. Masukulu ena ali ndi chimbudzi chimodzi chachikulu chokhala ndi potsetsereka ndi zogwirira koma chimangokhala chokhoma, kiyi ali ndi alonda, kungofunsa basi. Ngati kulibe, akalipentala akupangireni kampando koboola pakati koika pamwamba pa dzenje, kapena mudule mpando wa pulasitiki, usiku akhale ndi botolo kapena kandowa kotsekera ndi tochi yake pafupi, ndi chitenje chotchinga pakona.

Zonyamulazo zisakhale za aliyense amene ali pafupi. Asankhe yekha anyamata awiri amene amagwirizana nawo, kapena mchimwene wake apite nawo, ayesere kunyumba kwanu kangapo iye akuwauza pogwira, wina kumbuyo m'khwapa atagwira thupi osati kukoka manja, wina kunsi kwa maondo. Akwere basi woyamba anthu asanadzadze, atsike womaliza, akhale mpando woyandikana ndi khomo. Womuthandiza kusamba ndi kuvala akhale wamwamuna amene iye wamuvomera, ndipo aphunzitsi adziwe kuti ndi ndani, ndimanena izi poti ana aulumali ndi amene amachitiridwa nkhanza mosavuta, ndipo mwana aliyense adziwe kuti 116 ndi nambala yaulere yoimba zikavuta.

Njingayo muiganizirenso. Zambiri za matayala atatu zija sizipindika, ndiye adilayiva adziwiretu kuti ikufunika malo, imangidwe bwino isakhale pansi pa matumba a ufa ndi mapoto. Mumuikire pampu, zigamba ndi sipanala. Khushoni yake ipite naye pa mpando wa basi, ndipo azisuntha thupi pafupipafupi, kukhala malo amodzi maola ambiri kumayambitsa zilonda za pamatako zimene zimavuta kupola. Pogona pa simenti payekha ayi, kamatiresi kapite.

Mukamuuze ichi. Mu paki ya Liwonde muli njovu, mvuu, ng'ona mu Shire, zipembere, ndi mikango imene anaibwezeretsamo mu 2018 a African Parks atayamba kuyendetsa pakiyo mu 2015, ndiye gulu la ana a sukulu silimangoyendamo wapansi, onse amaonera ali pa mpando m'galimoto. Tsiku limenelo iye ndi anzake adzakhala chimodzimodzi, chongofunika ampatse mpando wa pa windo. Mukakonza zonsezi iye nkunenabe kuti ayi, mulemekezeni, mudzapite naye nokha tsiku lina, koma ndikukayika ngati adzakane.

KALATA YACHITATU

Azakhali ndine mphunzitsi wa sitandade 7 ku Lilongwe. Tikupita ku Senga Bay ndi ana 40 kukagona usiku umodzi. M'kalasi mwanga muli mtsikana wachialubino, ndi amene amakhala nambala 1, ine ndikufunitsitsa apite koma makolo ake akana kusayina fomu akuti amaopa. Ndawatumizira kalata kawiri sanayankhe. Ndiwanyengerere bwanji?

Madamu, Area 25

YANKHO

Madamu zikomo pomufunira zabwino mwanayo, koma kalata siingathetse nkhaniyi. Mantha a makolowo ali ndi maziko, kuyambira cha mu 2014 dziko lino laona anthu achialubino akubedwa ndi kuphedwa, ena ana, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, mabanja onsewo amagona khutu lili kukhomo. Kholo lotere mukalitumizira fomu yoti lisayine kuti mwana akagone kwina limaona ngati simukudziwa chimene likusenza.

Pitani kunyumba kwawo nokha, Loweruka masana, mukhale pa mkeka muyambe mwamvetsera. Kenako muwauze zenizeni, akagona chipinda chiti, chimakhomeka mkati kapena ayi, mlonda alipo, inu mugona pati. Mwanayo agone pakati pa anzake kufupi ndi inu osati pa khomo kapena pa windo, usiku wopita kuseri apite ndi munthu wamkulu, ndipo lamulo loyenda awiriawiri likhale la ana onse 40. Mukafika mukadziwitse apolisi a m'deralo kuti muli ndi gulu la ana, ndipo zoika zithunzi pa Facebook ndi pa sitetasi zonena kumene muli zidikire mpaka mutabwerako, muwauzenso aphunzitsi anzanu ndi adilayiva. Muwapatse makolowo nambala ziwiri zoimba nthawi iliyonse, ndipo mpando umodzi mu basi muusungire mchemwali wake kapena azakhali ake ngati angafune, osalipiritsa. A APAM, bungwe la anthu achialubino, akhoza kukuthandizani kulankhula nawo, makolo amamasuka akamva kwa munthu amene akudziwa moyo umenewu.

Mdani amene adzamupezedi kumeneko ndi dzuwa, la kunyanja limawotcha kawiri poti limabwereranso kuchokera pamadzi ndi pa mchenga, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene imatenga achialubino ambiri. Chipewa cha khonde, malaya a manja aatali, siketi yaitali kapena buluku, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu aja azidzola maola awiri aliwonse komanso akangotuluka m'madzi, osaiwala makutu, khosi, milomo ndi pamwamba pa mapazi. Nthawi yosewera m'madzi muiike m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka kwa gulu lonse, masana mukhale pamthunzi muziphunzira. Maso ake saona patali, ndiye akhale kutsogolo, ndipo woperekeza akamaloza chinthu wina azimuuza kuti nchiyani, chili mbali iti. Zonsezi mulembe pa pepala limodzi muwasiyire makolowo alingalire, fomu ija musaitulutse tsiku loyamba. Akakanabe musawanene kwa makolo ena kapena kumufunsa mwanayo pamaso pa kalasi, mudzapiteko kachiwiri sabata yotsatira.